Mafunso a Owerenga: Kemisitiri ya Tinthu Tosaoneka ndi Maso

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akufunsa za nanochemistry, nthambi ya sayansi imene dzina lake layamba kuoneka pa mabotolo a mafuta odzola, pa makatoni a wailesi za kanema komanso m'nkhani za katemera. Tasankhapo mafunso angapo, ndipo tawasanja m'njira yakuti yankho la funso loyamba likhale maziko a mayankho otsatirawo.

FUNSO: Aphunzitsi athu anatiuza kuti nanochemistry ndi kemisitiri ya tinthu ting'onoting'ono. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti kemisitiri yonse imene timaphunzira imakamba za maatomu ndi mamolekyu, omwenso ndi aang'ono kwambiri. Nanga kusiyana kwake kuli pati? Ndine wophunzira wa kusekondale.

YANKHO: Funso lanuli lakhudza phata lenileni la nkhaniyi, choncho tilitengera nthawi. Tiyambe ndi muyeso. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a mita imodzi, kutanthauza kuti mu milimita imodzi yokha, kampata kaja kochepetsetsa ka pa rula yanu, muli mananomita 1,000,000. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa mananomita pafupifupi 80,000 mpaka 100,000, selo yofiira ya m'magazi ndi ya mananomita pafupifupi 7,000, kachilombo koyambitsa fuluwenza ndi ka mananomita pafupifupi 100, ulusi wa DNA umanenepa mananomita 2, ndipo atomu imodzi ya golide ndi ya mananomita pafupifupi 0.3. Akatswiri anagwirizana kuti nthambi imeneyi izikamba za zinthu zimene mbali yake imodzi, kapena mbali zake zonse, zili pakati pa nanomita imodzi ndi mananomita 100.

Tsono taonani pamene muyeso umenewu wagwera. Uli pamwamba pa mamolekyu wamba amene mumawalemba m'kope, koma uli pansi kwambiri pa chinthu chilichonse chimene mungachitole ndi zala. Kanjere ka golide ka mananomita 2 kamakhala ndi maatomu pafupifupi 250 okha. M'kalasi mumaphunzira kuti golide ndi wachikasu, amasungunuka pa madigiri 1,064, ndipo salowerera m'zochitika za makemikolo ena, ndipo zimenezi n'zoona kaya golideyo ndi mphete kaya ndi chibuluma chachikulu. Koma akachepa kufika pa muyeso wa nano, golide yemweyo amasintha mtundu, amasungunuka pa kutentha kotsika ndi madigiri mazana angapo, ndipo amayamba kufulumizitsa zochitika za makemikolo ena. Apa ndi pamene pali kusiyana kumene mukufunsa: pa muyeso umenewu, kukula kwa chinthu kumalamulira khalidwe lake monga momwe mtundu wa maatomu ake umalamulira.

Zifukwa zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi kuchuluka kwa malo akunja. Tengani kachidutswa kolimba kofanana mbali zonse, ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu. Nkhope zake 6 zonse pamodzi ndi masikweya sentimita 6. Mutakadula kachidutswako kukhala tizidutswa ta nanomita imodzi mbali zonse, kulemera sikungasinthe, koma nkhope za tizidutswa tonseto zingakwane masikweya mita 6,000, pafupifupi bwalo lathunthu la mpira wamiyendo. Kufunika kwake n'kwakuti atomu ya m'kati mwa chinthu imakhala yozunguliridwa ndi anzake mbali zonse ndipo imakhazikika, pamene atomu yakunja imakhala ndi mbali imodzi yopanda mnzake, motero siigwiridwa molimba ndipo imagwira msanga china chilichonse chimene chayandikira. Mu kanjere ka mananomita 2 kaja, maatomu oposa theka ali kunja. N'chifukwa chake mu 1987 katswiri wa ku Japan, Masatake Haruta, anadabwitsa anzake posonyeza kuti tinjere ta golide tosakwana mananomita 5 timasandutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide kukhala carbon dioxide ngakhale pamalo ozizira kuposa madigiri 0, ntchito imene chibuluma cha golide sichingaigwire. Chifukwa chachiwiri chikukhudza maelekitironi, amene amachita zinthu mosiyana akapanikizidwa m'malo ochepa kwambiri, ndipo tichiona m'mafunso a kutsogoloku.

Tinjere totere tingapangidwe pogaya chinthu chachikulu mpaka chitachepa, kapena poyamba ndi maatomu ndi mamolekyu osungunuka m'madzi n'kuwalola kuti asonkhane. Njira yachiwiriyi ndiyo ntchito yeniyeni ya katswiri wa nanochemistry, ndipo luso lake lagona pa kuimitsa kukulako panthawi yake ndi kutchinjiriza tinjereto kuti tisamatirirane n'kubwerera kukhala chibuluma.

FUNSO: Ndimagwira ntchito pachipatala, ndipo tsiku ndi tsiku ndimayeza anthu malungo ndi kachipangizo kaja kodonthezerapo magazi. Mnzanga anandiuza kuti mzere wofiira umene umaonekapo ndi golide. Zingatheke bwanji, popeza golide ndi wachikasu?

YANKHO: Mnzanuyo ananena zoona, ndipo zili choncho pa zipangizo zambiri zoyezera malungo, pathupi, HIV ndi COVID-19, ngakhale kuti zilipo zina zimene zimagwiritsa ntchito timikanda tapulasitiki topakidwa utoto. Kuti mumvetse, ndi bwino kuona momwe golide wofiirayo amapangidwira, potsata njira imene John Turkevich ndi anzake anaifotokoza mu 1951 ndipo ikugwirabe ntchito m'malabotale mpaka lero. Katswiri amawiritsa madzi amene wasungunuliramo pang'ono chabe mankhwala okhala ndi golide, ndipo madziwo amaoneka achikasu chotuwa. Akathiramo sodium citrate, chikasucho chimazimirira, kenako madziwo amada ngati inki, ndipo pakapita mphindi zochepa amasanduka ofiira kwambiri koma oonekera mpaka kuseri kwa botolo. Chimene chachitika n'chakuti citrate wabweza golide uja kukhala maatomu achitsulo, maatomuwo asonkhana kukhala tinjere ta mananomita pafupifupi 15 mpaka 20, ndipo citrate yemweyo wakuta kanjere kalikonse ndi mphamvu ya magetsi yofanana, motero tinjereto timakankhana m'malo momatirirana. Mukathiramo mchere, kukankhanako kumatha, tinjere timaunjikana, ndipo madzi aja amasanduka apepo kapena abuluu mukuona.

Kufiirako kumachokera ku maelekitironi. Kuwala kukagunda kanjere kachitsulo kochepa chotere, maelekitironi ake omasuka amagwedezeka onse pamodzi, ndipo pa golide wa muyeso umenewu kugwedezekako kumagwirizana ndi kuwala kwa girini, kwa mafunde a mananomita pafupifupi 520. Girini amamezedwa, ndipo kuwala kotsalako kumafika m'maso mwathu kuli kofiira.

Tsono m'kachipangizo kanu muja muli kapepala kakatali. Chakumayambiriro kwake kuli tinjere ta golide touma, kawirikawiri ta mananomita pafupifupi 40, ndipo kanjere kalikonse kanamatidwa mapuloteni a chitetezo cha m'thupi otchedwa ma antibody, amene amazindikira puloteni inayake ya kachilombo ka malungo, monga HRP2. Mukadontheza magazi ndi madzi aja oyendetsera, tinjereto timanyowa n'kuyamba kuyenda ndi madziwo. Ngati m'magazimo muli puloteni ya kachilombo, imagwidwa ndi tinjere ta golide, ndipo zikafika pa mzere wolembedwa T zimakodwa ndi ma antibody ena amene anamatidwa pamenepo. Tinjere mamiliyoni ambirimbiri tikaunjikana pamalo amodzi, diso limaona mzere. Mzere wa C umagwira tinjere totsala, kaya munthuyo ali ndi malungo kaya alibe, ndipo ntchito yake ndi kutsimikizira kuti madzi ayenda bwino. Pachifukwa chimenechi, zotsatira zopanda mzere wa C siziyenera kukhulupiriridwa. Kumbukiraninso kuti chimene chimaonongeka ndi kutentha kapena chinyezi ndi ma antibody aja, choncho malangizo a kasungidwe amene ali pa katoni ndi mbali ya kuyezako.

Anthu anayamba kugwiritsa ntchito golide wotereyu kalekale asanadziwe chimene chinkachitika. Ku British Museum ku London kuli chikho chagalasi cha Aroma cha m'zaka za m'ma 300, chotchedwa Lycurgus Cup, chimene chimaoneka chagirini kuwala kukachokera kutsogolo, koma chofiira kuwala kukadutsa kuchokera kuseri, chifukwa m'galasi lakelo muli tinjere ta golide ndi siliva. Mu 1857 Michael Faraday anafotokoza kuti kufiira kwa madzi a golide amene anapanga kunkachokera ku tizidutswa tachitsulo tochepa kwambiri moti maikulosikopu a nthawi imeneyo sakanatha kutiona, ndipo mabotolo akewo akusungidwabe ku Royal Institution mumzinda womwewo, akadali ofiira.

FUNSO: Ngati tinthu timeneti sitioneka ndi maso, asayansi amadziwa bwanji kukula kwake ndi maonekedwe ake?

YANKHO: Maikulosikopu wamba, ogwiritsa ntchito kuwala, sangasiyanitse zinthu zochepa kuposa mananomita pafupifupi 200, chifukwa mafunde a kuwala kooneka ndi a mananomita 400 mpaka 700, ndipo ndi aakulu kuposa chinthu chofunika kuonedwacho. Khomo linayamba kutseguka mu 1931 pamene Ernst Ruska ndi Max Knoll ku Germany anapanga maikulosikopu yogwiritsa ntchito maelekitironi. Mu December 1959 wasayansi Richard Feynman analankhula ku yunivesite ya Caltech ku America za kuthekera kosanja maatomu imodziimodzi, ndipo mu 1981 Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer, ku labotale ya kampani ya IBM ku Zurich, anapanga chipangizo chimene chimayendetsa singano yosongoka kwambiri pafupi ndi chinthu, n'kumayeza timagetsi todumpha pakati pa singanoyo ndi chinthucho, mpaka kujambula malo a atomu iliyonse. Ruska, Binnig ndi Rohrer analandira mphoto ya Nobel mu 1986, ndipo mu 1989 Don Eigler anagwiritsa ntchito singano yotere kukankha maatomu 35 a mpweya wotchedwa xenon mpaka analemba nawo zilembo za IBM.

M'zaka zomwezo anthu anatulukira mitundu yatsopano ya kaboni: mamolekyu obulungira a maatomu 60 mu 1985, timachubu ta kaboni timene Sumio Iijima anatifotokoza mu 1991, ndi graphene, nsalu ya kaboni yonenepa atomu imodzi yokha, imene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaisenda ku graphite wa mtundu wa m'pensulo pogwiritsa ntchito tepi yomatira ku Manchester mu 2004.

FUNSO: Mwana wanga ndi wachialubino ndipo amadzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse. Pa botolo lina ndaona mawu akuti nano pafupi ndi zinc oxide. Kodi tinthu timeneti sitingalowe m'thupi mwake kudzera pakhungu? Ndine mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo tikuyankhani mosapita m'mbali: musamusiyitse mwanayo kudzola mafutawo. Zinc oxide ndi titanium dioxide ndi ufa woyera umene umameza kuwala kwa dzuwa kosaoneka kotchedwa UV, kumene kumapsereza khungu ndi kuyambitsa khansa. Ufawu ukakhala wa tinjere ta mananomita mazana angapo umamwazanso kuwala kooneka, n'chifukwa chake mafuta akale ankasiya munthu ali mbuu kunkhope, ndipo ambiri ankadzola ochepa kapena kuleka kumene. Tinjere tikachepa kufika pansi pa mananomita 100 timaleka kumwaza kwambiri kuwala kooneka koma timamezabe UV, motero mafutawo amateteza popanda kuyeretsa khungu.

Za kulowa m'thupi, bungwe loona za mankhwala la dziko la Australia launika kafukufuku wa nkhaniyi kangapo, ndipo komiti ya akatswiri ya European Union inachitanso chimodzimodzi. Onse anapeza kuti pakhungu labwinobwino tinjereti timatsalira pa gawo lakunja la maselo akufa, ndipo sitifika ku maselo amoyo a m'kati. Ku European Union amaloleza kuti tinjereti tifike pa 25 peresenti m'mafuta odzola, koma saloleza m'mafuta opopera amene munthu angawapumire m'mapapo, ndipo kuyambira mu 2013 lamulo la kumeneko limakakamiza opanga kulemba mawu amene mwawaonawo. Choncho sankhani mafuta opaka ndi dzanja, pewani kupaka pa bala lotseguka, onetsetsani kuti botolo lalembedwa kuti limateteza ku UVA ndi UVB, imene ndi mitundu iwiri ya UV, ndiponso kuti SPF yake, nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake, ndi 30 kapena kuposerapo, ndipo muzimudzoza okwanira, n'kubwereza pakapita maola awiri akakhala padzuwa. Chipewa chotambalala ndi zovala zamanja aatali zikhalepobe. Kuopsa kwa dzuwa pakhungu la mwana wachialubino n'kotsimikizika ndipo n'kwakukulu zedi, pamene kuopsa kwa tinjereti pakhungu sikunapezeke m'kafukufuku amene waunikidwa.

FUNSO: Ndine makaniko. Kodi m'galimoto muli chilichonse chokhudzana ndi sayansi imeneyi?

YANKHO: Mumachigwira tsiku lililonse, bambo. Labala wachilengedwe ndi wotuwa ndipo amatha msanga. Tayala limada chifukwa cha carbon black, ufa wonga mwaye umene umapangidwa potentha mafuta olemera m'ng'anjo yoperewera mpweya, ndipo tinjere take ndi ta mananomita makumi angapo. Ulusi wa labala umamatirira pa tinjereti, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwa malo akunja kuja, tayala limalimba n'kuyenda mtunda wautali kwambiri lisanaperepeseke. Ufawu unayamba kuthiridwa m'matayala cha m'ma 1910, sayansiyi isanakhale n'komwe ndi dzina. Mu 1992 kampani ya Michelin inatulutsa matayala osakaniza tinjere ta silica, amene amachepetsa mphamvu yotayika tayala likamagudubuzika, motero galimoto imamwa mafuta ochepa.

Chachiwiri chili pa ekizozi, mu catalytic converter. M'kati mwake muli chinthu chadothi chokhala ndi timabowo tambirimbiri, ndipo m'makoma a timabowoto anamwazamo magalamu ochepa chabe a platinum, palladium ndi rhodium ali tinjere ta mananomita ochepa. Utsi ukamadutsa, zitsulozi zimasandutsa carbon monoxide, mafuta osapsa ndi mipweya ya nitrogen oxide kukhala carbon dioxide, nthunzi ya madzi ndi nitrogen. Injini ikamaphonya moto, mafuta osapsa amakayakira m'menemo, kutentha kumapyola muyeso, tinjere timasungunukirana kukhala tikulutikulu, malo akunja amachepa, ndipo chipangizocho chimafooka ngakhale kuti chitsulo chonse chikadali momwemo. Mtovu umakuta tinjereti n'kutipha, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene petulo wa mtovu anathetsedwera, Algeria likukhala dziko lomaliza kumusiya mu 2021.

FUNSO: Pa intaneti akutsatsa madzi akumwa okhala ndi tinjere ta siliva, ndipo akuti amapha tizilombo tonse m'thupi. Ndigule?

YANKHO: Musagule, ndipo ngati muli nawo kale musamwe. Bodza limeneli limayenda msanga chifukwa linamangidwa pa chinthu choona. Siliva amaphadi mabakiteriya: tinjere take timatulutsa pang'onopang'ono maatomu a siliva okhala ndi mphamvu ya magetsi, amene amaononga khungu la bakiteriya ndi mapuloteni ake. N'chifukwa chake pali mabandeji a siliva amene madokotala amaika pa zilonda za moto, ndiponso zosefera madzi zadothi zopakidwa siliva, zimene Fernando Mazariegos anayambitsa ku Guatemala mu 1981. M'zonsezi siliva amagwira ntchito kunja kwa thupi kapena pa bala, pamalo pomwe pali tizilomboto.

Kumwa ndi nkhani ina. Thupi la munthu silifuna siliva pa ntchito ina iliyonse, ndipo palibe kafukufuku wodalirika wosonyeza kuti kumumwa kumachiza matenda alionse. Chimene chikudziwika bwino n'chakuti amaunjikana m'khungu, m'nkhama ndi m'maso, ndipo munthu amene wamwa kwa nthawi yaitali amasanduka wotuwa cha ku buluu, vuto lotchedwa argyria, limene silibwerera ngakhale ataleka kumwa. Amalepheretsanso thupi kulandira bwino mankhwala ena, monga tetracycline ndi thyroxine. Mu 1999 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linagamula kuti mankhwala otere ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala sakuzindikiridwa kuti ndi otetezeka kapena othandiza. Chimene chimatimvetsa chisoni koposa n'chakuti wodwala amene wakhulupirira botolo lotere amachedwa kupita kuchipatala, ndipo nthawi zina amasiya mankhwala amene anali kumusunga.

FUNSO: Ndinamva kuti mu katemera wina wa COVID-19 muli ma nanoparticle, ndipo ena amati ndi timakina tolondolera anthu. Choona n'chiti?

YANKHO: Mu katemera wa Pfizer-BioNTech ndi wa Moderna, amene anayamba kuperekedwa mu December 2020, mulidi tinjere ta muyeso wa nano, koma ndi timipira tamafuta, ta mananomita pafupifupi 100 kapena kucheperapo. Mulibe chitsulo, mulibe batire, ndipo mulibe chilichonse chotha kutumiza kapena kulandira uthenga wa pa wailesi. Katemerayu amanyamula mRNA, kamene ndi kalangizo kouza selo kuti ipange puloteni imodzi ya kachilombo kuti chitetezo cha m'thupi chiizolowere. Vuto n'lakuti mRNA ikalowa yokha m'thupi imaphwanyidwa nthawi yomweyo, ndipo singaboole khungu la selo. Choncho akatswiri anaikuta ndi mitundu inayi ya mafuta, umodzi mwa iyo ndi cholesterol amene ali kale m'thupi la aliyense. Selo imameza kampirako, ndipo m'kathumba kamene kamezedweramo muli asidi pang'ono amene amachititsa umodzi mwa mafutawo kutenga mphamvu ya magetsi, kathumbako kamang'ambika, ndipo mRNA imatulukira m'selo. Pambuyo pake thupi limagaya mRNA ndi mafutawo. Anthu ochepa kwambiri matupi awo amadana ndi zina mwa zosakanizazo, n'chifukwa chake obayidwa ankauzidwa kudikira mphindi 15 asanachoke.

Njira yokuta mankhwala ndi mafuta inalipo kale mliriwu usanabwere. Mu 1995 ku America anavomereza Doxil, poyamba pothandiza odwala khansa yapakhungu ya Kaposi yobwera ndi Edzi. Mankhwala a m'kati mwake, doxorubicin, amapha maselo a khansa koma amaononganso mtima. Akatsekeredwa m'timipira tamafuta amazungulira m'magazi nthawi yaitali, salowa kwambiri m'minofu ya mtima, ndipo amatulukira mosavuta m'mitsempha ya chotupa, imene makoma ake amakhala ndi mipata. Komabe tisakokomeze. Gawo la mankhwala limene limafikadi pa chotupa ndi lochepa, ochuluka amathera m'chiwindi ndi m'kapamba, ndipo Doxil ali ndi zovuta zakezake, monga kutupa ndi kusupuka kwa zikhatho ndi mapazi. Amene amalonjeza mankhwala opita pa nthenda pokhapokha akulankhula za cholinga chimene ofufuza akuchilimbikirabe.

FUNSO: Kodi chilembo cha Q pa wailesi za kanema za QLED chikuimira chiyani?

YANKHO: Chikuimira quantum dots, tinjere ta mananomita pafupifupi 2 mpaka 10, ndipo apa ndi pamene chifukwa chachiwiri chija chimaonekera bwino. Elekitironi ikapanikizidwa m'kanjere kochepa, mphamvu imene imafunika kuti idumphe kuchoka pamalo ake imakwera, ndipo ikamabwerera imatulutsa kuwala kwa mphamvu yomweyo. Motero cadmium selenide yemweyo, chimodzi mwa zinthu zopangira tinjereti, amawala cha ku buluu akakhala wa mananomita pafupifupi 2, ndipo amawala mofiira akakhala wa mananomita pafupifupi 6. M'wailesi ya kanema muli magetsi abuluu kumbuyo, ndipo kutsogolo kwake kuli kapepala ka tinjereti kamene kamasandutsa gawo la kuwalako kukhala girini ndi kufiira kosasakanikirana ndi mitundu ina. Alexei Ekimov anaona khalidwe limeneli m'galasi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Louis Brus analiona m'madzi mu 1983, ndipo Moungi Bawendi anapeza mu 1993 njira yopangira tinjere tofanana kukula, atatuwa n'kulandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri mu 2023. Popeza cadmium ndi wapoizoni, opanga ambiri anasamukira ku indium phosphide.

FUNSO: Mwatchula zabwino zambiri. Kodi palibe choopsa?

YANKHO: Chilipo, ndipo chimachokera ku khalidwe lomwelo limene limachititsa tinjereti kukhala tothandiza: timachita zinthu msanga, ndipo timafika malo amene fumbi wamba silifika. Koma funsoli silingayankhidwe pa tinjere tonse pamodzi, chifukwa kampira kamafuta kamene thupi limagaya ndi kosiyana kwambiri ndi kaulusi kolimba kosasungunuka. Pa chinthu chilichonse pamafunika kudziwa kuti n'chopangidwa ndi chiyani, ndi chooneka bwanji, chili chomasuka kapena chomangika m'chinthu china monga labala kapena galasi, ndiponso chingalowe m'thupi kudzera pati.

Khomo loopsa kwambiri ndi mapapo. Tinjere tochepa chotere timadutsa zotchinga za m'mphuno n'kukafika m'timatumba ta mpweya ta pansi penipeni, pamene timayambitsa kutupa, ndipo tina timalowa m'magazi. Tinjere tambiri timene anthu amapuma sitichokera ku labotale, timachokera mu utsi wa nkhuni, wa dizilo ndi wa fodya. Pa topangidwa dala, bungwe la IARC, limene limaunika zoyambitsa khansa pansi pa World Health Organization, linaika titanium dioxide wopumidwa ngati fumbi m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa mu 2006, ndipo mu 2014 linaikamonso mtundu umodzi wa timachubu ta kaboni, tatitali ndi touma, timene m'mapapo a nyama timachita zofanana ndi asbestos. Pa zakudya akatswiri sakugwirizana: European Union inaletsa titanium dioxide woyeretsera zakudya, wotchedwa E171, mu 2022, akatswiri ake atanena mu 2021 kuti sangatsimikize kuti saononga DNA, pamene America, Canada, Britain ndi Australia anaunika umboniwo n'kupitiriza kumulola. Palinso nkhani ya chilengedwe, chifukwa siliva wa m'masokosi ndi m'zovala zoletsa fungo amakokoloka pochapa n'kulowa m'madzi otayidwa, ndipo siliva ndi poizoni kwa nsomba ndi tamoyo tina ta m'madzi.

Amene ali pangozi yaikulu ndi ogwira ntchito m'mafakitale opanga ufa wotere, komanso amene amapopera utoto ndi mankhwala oletsa madzi kulowa m'nsapato kapena m'nsalu, kapena kupala ndi kudula zinthu zosakaniza tinjereti. Njira zodzitetezera n'zodziwika: kusunga tinjere m'madzi kapena m'phala m'malo mwa ufa wouma pamene zingatheke, kugwirira ntchito pansi pa makina okoka mpweya, kupopera panja kapena pamalo odutsa mphepo, ndi kuvala chosefera mpweya cha mtundu wa N95 kapena FFP3 chogwira bwino kunkhope, popeza kansalu wamba kamasiya mipata m'mbali. Ufa ukatayikira pansi usasesedwe ndi tsache kapena kuuziridwa ndi mpweya, koma upukutidwe ndi nsalu yonyowa kapena ukokedwe ndi makina okhala ndi sefa ya HEPA.